Filomena ndi Boti Lozungulira

Filomena anali mtsikana wa ku Mphunzi. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anali ndi mbedza imodzi. Mbedzayo ankaisunga m'kabokosi ka machesi. Ankafunitsitsa kuiponya m'madzi ambiri.

Koma madzi ambiriwo akanawapeza kuti? Kwawo kunali mapiri okhaokha. Kunali miyala, nkhungu ndi mbatata ya kachewere. Kamtsinje ka kuseri kwa nyumba ankangokalumpha. Ngakhale nkhuku inkakalumpha.

Mbedzayo inabwera m'kalata. Kalatayo inachokera ku Joni. Bambo ake, a Anselmo, ankagwira ntchito ku migodi kumeneko. Analemba kuti kufupi ndi Lilongwe kuli damu lalikulu. Damu ndi madzi ambiri amene anthu anawatseka ndi khoma. Analemba kuti mnzawo, a Gerevazio, ndi mlonda pa damupo.

Kumapeto kwa kalata analemba chonchi: "Ndikabwera tidzapita ku damu. Tidzagona m'tenti. Tidzawedza nsomba. Ndidzakupalasa m'boti ndi manja anga awiriwa."

Filomena anadikira. Anadikira chaka chimodzi. Anadikira chaka chachiwiri. Mbedza inali m'kabokosi ka machesi.

Tsiku lina bambo anabwera. Anabwera ndi bokosi lachitsulo pamutu. Bokosilo linali ndi zogwirira ziwiri, china uku, china uku. Filomena anathamanga. Anafuna kuwagwira dzanja lamanja. Anagwira nsalu yokhayokha.

Kalanga ine! Mkono wa jekete unali wopinda. Unali womanga ndi phini. Mwala unawagwera bambo mu mgodi. Mkono wamanja unatsala ku Joni.

Kale bambo ankaimba mluzu. Ankaimba popita kumunda. Ankaimba pobwera kumunda. Tsopano mluzu unatha. Ankangokhala kuseri kwa nyumba, kuothera dzuwa.

Tsiku lina anatenga khasu. Amayi, a Bernadetta, anafuna kuwathandiza. Bambo anakana. Anati, "Ndichita ndekha."

Khasu linapulumuka. Analitola. Linapulumukanso. Mzere unatuluka wokhotakhota. Bambo anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenaka anabwerera kuseri kwa nyumba.

Mphunzi kunali kwawo kwa amayi. Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Ntcheu. Mkamwini amalima munda wa kwa mkazi wake. Zimenezi bambo ankazidziwa bwino. Palibe amene anawathamangitsa, ayi ndithu. Ankadzithamangitsa okha mumtima.

Masana ena Filomena anakwera mumtengo wa mapichesi. Bambo ndi amayi anabwera pansi pa mtengowo. Sanamuone. Filomena anamva zonse.

"Mayi a Filomena, ine ndipite kwathu," anatero bambo. "Pano ndikungodya thukuta lanu."

Amayi analira. Anati palibe amene wadandaula. Anati munda alima okha, asavutike. Bambo anapukusa mutu. Anati mkamwini wosalima ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

"Koma mwanayu ndinamulonjeza," anatero bambo. "Ndikamuonetse damu kaye. Loweruka tidzakupezani pa msika wa Linthipe. Inu mudzatenge mwana. Ine ndidzakwera basi ya ku Ntcheu."

Pichesi linali m'kamwa mwa Filomena. Silinakomenso. Mtima unamupweteka kwambiri. Sanafune damu tsopano. Sanafune nsomba. Anangofuna bambo ake.

Anaganiza, anaganiza. Mwina ku damu bambo akaseka. Akaseka, mwina sapita. Anagwiritsitsa kabokosi ka machesi kaja.

Lachinayi m'mawa ananyamuka. Kunali nkhungu. Kunkazizira. Bambo anasenza bokosi lachitsulo. Anati muli mabulangete ogonera ku damu. Koma Filomena anali ataona. Munalinso jekete la pa Sabata. Munali nsapato. Munali kolona. Munali zinthu zonse za bambo.

Pa msewu waukulu anapeza anyamata ovala malaya ofiira. Anyamatawo ankafunsa makhadi a chipani. Wopanda khadi sankakwera galimoto. Khadi la bambo linali m'thumba lakumanja. Dzanja lamanzere linayesa. Silinafike. Linayesanso. Silinafike.

Filomena anapisa m'thumbamo. Anatulutsa khadi. Anyamata analiona, nati pitani. Bambo sanathokoze. Anangoyang'ana pansi ndi manyazi.

Anakwera lole ya matabwa. Matabwawo ankachokera ku Phiri la Dedza. Ankanunkhira paini. Anakhala pamwamba pa matabwa. Mapiri anatsala kumbuyo.

Anatsika. Anayenda pansi. Anayenda, anayenda. Kenaka anakwera kachitunda. Filomena anaima chilili.

"Mayo ine, madzi!" anatero.

Madzi anali uku. Madzi anali uko. Tsidya linkaoneka patali zedi. Madzi amenewa sakanawalumpha. Ngakhale nkhuku zonse za ku Mphunzi sizikanayesa n'komwe.

A Gerevazio anabwera akuthamanga. Anali munthu wamfupi, wolongolola. Anakumbatira bambo. Anaona mkono wopinda uja. Anayang'ana kumbali. Kenaka anayambanso kulongolola.

Pa damupo panali alendo ena. Anali a m'tauni. Anabwera ndi magalimoto awo. Anali atamanga matenti awo pa udzu. Wailesi yawo inkaimba.

A Gerevazio anabweretsa tenti yakale yobiriwira. Anabweretsa zikhomo ndi hamala. Anati amanga msangamsanga. Bambo anakana. Anati, "Ndichita ndekha."

Anaimika chikhomo. Anatola hamala. Chikhomo chinagwa. Anachiimikanso. Anatolanso hamala. Chinagwanso. Chikhomo chimafuna manja awiri, logwira ndi lokhoma.

"Ababa, ndikugwirireni?" anafunsa Filomena.

Bambo anati ayi, hamala ingamuphwanye zala. Anataya hamala pa udzu. Tenti anamanga a Gerevazio. Bambo sanaseke.

Dzuwa litapendeka anapita kukawedza. Filomena anatsegula kabokosi ka machesi. Mbedza inatuluka ikung'anima. A Gerevazio anaimanga ku chingwe ndi ku nsungwi. Anabweretsa nyongolotsi m'chitini. Anati awaikira nyambo. Bambo anakana. Anati, "Ndichita ndekha."

Anapana mbedza ndi mawondo. Anatola nyongolotsi. Nyongolotsi inapotokola, n'kugwa. Anatola ina. Inagwanso. Kachitatu mbedza inawabaya chala. Magazi anatuluka.

"Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe, achimwene," anatero a Gerevazio.

Iii, pakamwa apo! Anangolankhula osaganiza. Anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Bambo anaimirira. Anapita kukakhala pa bokosi lawo lachitsulo. Tsiku limenelo sanagwire nsomba. Anadya mbatata yootcha yochokera kwawo.

Filomena anagona m'tenti. Ndi zimene ankafuna zaka ziwiri. Koma sizinamukomere. Lachinayi linali litatha. Linatsala Lachisanu lokha.

Kunacha. A Gerevazio anawaonetsa boti. Linali limodzi lokha pa damu ponse. Linali lamatabwa. Linali ndi nkhafi ziwiri, ina uku, ina uku. Nkhafi ndi mitengo yopalasira. A Gerevazio anati awapalasa. Bambo anakana.

"Ndinalemba m'kalata," anatero. "Ndichita ndekha."

Filomena analowa m'boti. Boti linagwedezeka. Anagwira m'mbali ndi manja onse. Bambo anakhala pakati. A Gerevazio anakankha boti. Boti linapita pamadzi.

Bambo anagwira nkhafi yakumanzere. Anakoka. Boti linatembenuka. Anakokanso. Boti linatembenukanso. Anakoka mwamphamvu. Boti linazungulira.

Filomena anaona tenti. Kenaka anaona khoma la damu. Kenaka anaona tsidya. Kenaka anaonanso tenti. Boti linkangozungulira.

Bambo anasiya nkhafi yakumanzere. Anagwira yakumanja. Anakoka. Boti linazungulira chobwerera. Tenti, tsidya, khoma, tenti. Linkangozungulira.

Alendo a m'tauni aja anaimirira. Analoza. Anaseka. Kuseka kwawo kunayenda pamadzi. Kunafika m'boti. Anthu ena alibe chisoni, ndithu.

Kenaka mphepo inayamba. Inakankha boti. Inalikankhira pakati pa damu. Tenti inachepa ngati bowa. A Gerevazio ankathamanga uku ndi uku m'mphepete. Ankakuwa. Mawu awo sankamveka. Boti lina lowatsatira panalibe.

Bambo anakoka. Anakoka. Thukuta linanyowetsa malaya. Boti linazungulira, linazungulira, linazungulira. Mphamvu zinawathera. Anasiya nkhafi. Anaweramitsa mutu.

"Waona, mwanangu?" anatero. "Bambo ako ndi amenewa. Sangakufikitse kulikonse."

Misozi inagwera pa bondo lawo. Filomena anali asanaonepo bambo ake akulira. Anachita mantha. Anaopa madzi. Anaopa mphepo. Koma anaopa kwambiri basi ya mawa.

Anayang'ana nkhafi yakumanja. Inkangolendewera. Inali yaitali. Inali yosalala pogwira. Inali ngati musi. Musi ndiye Filomena ankaudziwa. Ankasinja ndi amayi tsiku ndi tsiku.

Anakwawa pang'onopang'ono. Sanapemphe. Akanapempha, akanamva "Ndichita ndekha." Anangokhala pambali pa bambo, kumanja kwawo. Anakhala pomwe panali mkono kale. Anagwira nkhafi ndi manja awiri.

"Kokani, Ababa," anatero.

Bambo anamuyang'ana. Anapukuta maso ndi phewa. Anagwira nkhafi yawo. Anakoka.

Filomena anadikira. Posinja mumasinthana. Wina akatsitsa musi, wina amakweza. Mukatsitsa pamodzi, misi imagundana. Choncho anadikira bambo amalize. Atamaliza, iye anakoka. Bambo anakoka. Iye anadikira. Iye anakoka.

Boti linasiya kuzungulira. Koma taonani zimene linayamba! Mphuno yake inapita uku. Inapita uko. Inapita uku. Inapita uko. Linkayenda ngati bakha.

"Ukutani kodi, Filomena?" anafunsa bambo.

"Ndikusinja, Ababa."

Bambo anatulutsa kamawu pakhosi. Filomena anayesa akutsokomola. Sikunali kutsokomola. Kunali kuseka, kochepa kwambiri.

"Uwu si mtondo, mwanangu," anatero bambo. "Muno sitisinthana. Muno timakokera pamodzi."

Anayesa. Bambo anakoka kwambiri. Boti linakhotanso. Filomena anali wamng'ono, bambo anali wamkulu. Ndiye bambo anachepetsa mphamvu. Filomena anaonjeza zake. Koma sankayambira pamodzi. Wina ankatsogola, wina ankatsalira.

Pamenepo bambo anakweza milomo. Anaimba mluzu. Fyuu! Onse anakoka. Fyuu! Onse anakoka. Mluzu uja unabwerera.

Fyuu, koka! Fyuu, koka! Boti linaloza ku tenti. Silinazungulire. Silinayende ngati bakha. Linayenda molunjika.

Mphepo inalimbana nawo. Manja a Filomena anatentha. Anatuluka matuza. Matuza anaphulika. Ankapweteka koopsa. Filomena sananene. Ankaopa kuti mluzu ungasiye.

Tenti inakula. Inakula. A Gerevazio analowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Anagwira boti. Anthu oseka aja anasiya kuseka. Mayi mmodzi anaomba m'manja, ena n'kutsatira.

Masana anabwerera kukawedza. Filomena anagwira mbedza. Bambo anaikapo nyongolotsi. Filomena anagwira nsungwi. Bambo anamuuza poponya. Anadikira. Chingwe chinagwedezeka. Anakoka. Inali nsomba! Inali yaing'ono ngati chikhatho cha Filomena. A Gerevazio anaiwamba pamoto. Bambo anati aisungire amayi.

Filomena anasangalala. Anaganiza kuti zatha. Koma dzuwa polowa anaona bambo akupinda mabulangete ena. Anawaika m'bokosi. Anakonza jekete la pa Sabata pamwamba. Anamanga bokosi ndi chingwe. Mluzu unali utasiyanso.

Mtima wa Filomena unagwa. Bambo anaseka, inde. Anaimba mluzu, inde. Komabe ankapita.

Loweruka anatsazika a Gerevazio. Anakwera lole ina. Anatsika pa Linthipe. Msika unali wodzaza. Panali kabichi, tomato ndi chimanga. Amayi anakhala m'mbali mwa msewu ndi dengu la mbatata. Maso awo anali ofiira.

Filomena anawapatsa nsomba ija. Inali yokulunga m'pepala. Amayi anailandira ndi manja awiri.

Basi inafika. Inali ndi katundu wambiri pamwamba. Kondakitala anakuwa, "Dedza, Ntcheu! Dedza, Ntcheu!"

Bambo anaika dzanja pamutu pa Filomena. Anamuuza kuti azimvera amayi. Anamuuza kuti azilimbikira sukulu. Kenaka anawerama. Anagwira chogwirira chimodzi cha bokosi.

Filomena anagwira chinacho.

Chitsulo chinakhudza matuza aja. Anamva kuwawa mpaka m'mutu. Sanasiye.

"Siya, mwanangu," anatero bambo.

Filomena anapukusa mutu. Bambo anakokera ku basi. Filomena anakokera ku njira ya ku Mphunzi. Bambo anakoka. Filomena anakoka. Bokosi linatembenuka. Iwonso anatembenuka nalo. Basi, msika, amayi, basi. Anazungulira pakati pa anthu.

Filomena anali kulira. Mamina ankatuluka. Koma analankhula momveka.

"Mwaona, Ababa? Tayambanso kuzungulira. Mukapita nokha, muzikangozungulira. Ifenso kuno tizingozungulira."

Bambo anaima. Anayang'ana bokosi. Anayang'ana timanja tiwiri pa chogwirira. Anaona matuza. Dzulo sanawaone.

"Izi ndi za nkhafi?" anafunsa.

Filomena anavomera ndi mutu.

"Bwanji sunanene?"

"Mukanasiya mluzu."

Basi inaliza hutala. Kondakitala anafunsa ngati akukwera kapena ayi. Bambo anayang'ana basi. Anayang'ana amayi. Amayi anali ataimirira, nsomba ili m'manja. Kondakitala anamenya chitseko. Basi inanyamuka. Inasiya fumbi.

Fumbi linatha. Bambo anali pompo.

Anamasula kansalu ka m'khosi mwawo. Amayi anakakulunga pa chogwirira cha Filomena, kuti chitsulo chisamupweteke. Kenaka anasenza dengu lawo. Ankalira, ankaseka, zonse pamodzi.

Bambo anatembenukira ku njira ya ku Mphunzi. Anakweza milomo.

Fyuu!

Onse ananyamula. Bokosi linali pakati. Bambo uku, Filomena uku, amayi pambuyo. Njira inali yaitali. Anapuma kambirimbiri. Kunyumba anagawana kansomba kaja patatu. Aliyense anapeza kachidutswa.

Mvula itayandikira anapita kumunda onse atatu. Bambo anasema mpini waufupi, wa dzanja limodzi. Amayi anaunda mizere. Bambo anakumba mapando. Filomena anaponya mbewu. Fyuu, kumba! Fyuu, ponya!

Anthu odutsa ankaima kumvetsera mluzu. Bokosi lachitsulo linali pansi pa bedi. Munalibe jekete. Munalibe nsapato. Munali kabokosi ka machesi kokha, ndi mbedza imodzi.

Chaka chimenecho mizere yonse inawongoka.